Mkaka Wosasa wa Pathanki

Nthawi imati 7 koloko m'mawa, a Natalia anali atataya kale ndowa zisanu za mkaka kudzenje kuseri kwa nyumba ya thanki, mphuno atamanga ndi duku. Mkakawo unali utagwirana mabulumabulu, ntchentche zili ng'waa.

Mayiwa akhala akutsuka thanki yoziziritsira mkaka ya gulu la alimi kufupi ndi Namitete zaka zisanu ndi zinayi. Ana awo atatu awalera ndi ntchito yomweyi. Kale ankangoika chikhatho pathanki n'kudziwa ngati ikuzizira bwino.

Chaka chatha a Gideoni, mlembi wa gulu, amene anaphunzirako zamakompyuta ku Lilongwe, anabweretsa nzeru zina. Makina a thanki amalemba mzere m'fayilo pakangopita mphindi khumi, kunena mmene mkaka wazizirira. A Gideoniwo anaika pulogalamu yotsatira mizereyo ikamawonjezeka, kuti mkaka ukayamba kufunda foni yawo ilire.

Lachisanu a Natalia anagwira thanki, n'kumva ngati agwira mphumi ya mwana wodwala malungo.

"A Gideoni, thankiyi sikuzizira."

"Foni yalira kodi, mayi?"

"Ayi, koma dzagwireni nokha."

"Manja anuwo ndiye aposa kompyuta, eti? Tsukani zigubu uko."

Chonsecho Lachisanulo linali tsiku loyamba la mwezi. Makina anali atatseka fayilo yakale n'kuyamba kulemba ina, pulogalamu ija n'kungokhala chidikirire pa yakaleyo. Foni inali zii mpaka Loweruka madzulo, pamene galimoto ya kampani yogula mkaka inabwerera yopanda kanthu, dalaivala atalawa mkakawo n'kulavula.

Izi a Gideoni anazitulukira okha, akung'ung'udza pakompyuta, a Natalia akukolopa pambali pawo. Koma kwa apampando anakanena kuti thanki sinatsukidwe bwino. Komiti ikumana Lachitatu kuti ione ngati mayiwa apitirize ntchito.

Atataya ndowa yomaliza, a Natalia anasamba m'manja ndi sopo kawiri konse, n'kununkhiza zala zawo, n'kukwinya nkhope. Sikuti ndi fungo lokha linkawanyansa. Munthu woti anamuona akuyamwa, lero awapake litsiro pamaso pa anthu!

Ine ndinali pomwepo ndi chigubu changa, mwana kumsana. Anandikodola.

"Amake Pemphero, paja Lachisanu munali pamzere pomwe ndinkawauza a Gideoni. Ine kulemba kumandivuta. Mundilembere zonse mmene munamvera, osawonjezera kanthu, ndipo Lachitatu mudzawerenge nokha pamaso pawo."