Tsiku limene ndinalanda a tcheya ova-ova

Ine za ova-ova sindinaphunzire kusukulu ayi. Ndinaphunzira pafoni, kuonera timavidiyo mpaka bandulo kutha. Ndiye komiti ya padoko pathu ku Lungwena italandira ma ova-ova, mawailesi a m'manja aja, oti maboti azilankhulana ndi kumtunda poti pakati pa nyanja netiweki imasowa, ndine ndinawatchera onse. Pamsonkhano ndinafotokoza bwinobwino. Tchanelo yoyamba ndi ya ngozi basi. Zocheza, za mpira, za usipa, pitani pa yachiwiri. Ndipo ichi si foni. Munthu akadina batani, iyeyo samva kanthu, ndipo amene ali kutali sangamveke mpaka iye asiye.

Onse anagwedeza mitu. Mawa lake lomwelo ndikumva munthu pa tchanelo ya ngozi akufunsa ngati wina waona mbuzi yake!

Vuto lake, aliyense amatchera pa yoyambayo, ndiye ukafuna munthu umamupeza pomwepo. Pa yachiwiri umangolankhula wekha. Ndinalemba pagulupu, ndinatumiza mavoisi, ndinamata pepala pashedi. Mapeto ake anayamba kunditcha wapolisi wa mawailesi.

Oposa onse anali a tcheya a komiti yomweyo. Munthu wabwino kwambiri, wamkulu, anasiya kulowa m'nyanja chifukwa cha mawondo. Ali ndi mnzawo wa paubwana kudoko lina, ndipo m'mawa uliwonse amamupatsa moni. Tsono moni wa akuluakulu kwathu si "mwadzuka bwanji" yekha. Amafunsa amayi kunyumba, ana mmodzimmodzi, zidzukulu, odwala, mpaka mwendo uja unatupa chaka chatha. Chala chili pabatani, osachotsa. Ndipo wamkulu akamapereka moni sumudula. Sumudula basi.

Tsiku lina nthawi ya mwera, maboti onse anabwerako m'mawa kupatula la achimwene anga. Dzuwa linakwera. Foni yawo osapezeka. Alamu anga, akazi awo, ataima pamchenga ndi beseni lopanda kanthu. Ine wailesi ili kukhutu. Kenako ndinamva mawu a achimwene, otsika, ngati akuchokera m'botolo.

"Kumtunda, kumtunda! Injini yazima, mwera ukutikankha, tili cha ku..."

"Salamu alaikumu, mnzanga! Ajimwiche uli?"

A tcheya, ayamba moni wawo uja m'Chiyao. Wailesi yawo ili pafupi, yamphamvu, inangophimba achimwene kuti phi. Ndinadina batani langa. "A tcheya, pepani, tasiyani kaye!" Koma ndimadziwa ndekha kuti sakundimva. Si ndine ndinawaphunzitsa zimenezo? Ndinayesa foni ya a tcheyawo. Anayankha mwini wa pamalo potchajira, akuti anaisiya dzulo. Pawailesi anali atafika pa mwana wachiwiri, ndipo mnzawoyo ali ndi ana asanu ndi awiri.

"Akuti chiyani?" alamu anandifunsa. "Ndi iwowo? Ali pati?"

"Sindinamve, alamu."

"Sunamve bwanji, poti chinthucho chili m'manja mwako?"

Ndinatenga njinga ya wakabaza wina osamupempha n'komwe. Mchenga, njinga kutitimira, ine kutsika, kukankha, kukweranso. Wailesi ili m'thumba la malaya, ikundiuza za ukwati wa mdzukulu wa a tcheya, kuti mpunga unali wambiri koma nyama inachepa.

Ndinawapeza pakhonde, pamkeka, ndi alendo awiri akumwa tiyi. Sindinaodire. Sindinagwade. Nsapato osavula, ndinaponda mkekawo n'kuwatsomphola wailesi m'manja. Mlendo mmodzi anadzuka. "Mwana wa ndani ameneyu?"

Pomwepo mawu a achimwene anatulukira, atasasa. "...tapitirira chilumba cha Boadzulu, madzi akulowa, tilipo asanu ndi mmodzi, kumtunda mukumva?"

A tcheya anandilanda wailesi ija, n'kuyankha mwachidule, zimene sindinawamvepo chiyambire. "Tamva. Kapani madzi, musatsike m'boti. Tikubwera." Anaitana mwini boti la injini yaikulu, ndipo masana achimwene ndi asodzi anzawo onse anafika padoko atakokedwa ndi chingwe, akunjenjemera, koma amoyo.

Mukuganiza kuti anthu anandiyamika? Nkhani imene inayenda m'mudzi inali yoti ndaponda mkeka wa a tcheya ndi nsapato pamaso pa alendo. Amayi anandigwira mkono madzulo omwewo. "Tiye ukapepese. Mbale wako wapulumuka, inde, koma ife tizikhala bwanji pamudzi pano?"

Ndinagwada. A tcheya anaseka, anandigwira paphewa. "Mwanangu, wachita bwino. Kungoti ukanayamba wapereka moni."

Ndinafuna kulira ndi mkwiyo. Ndinangoti, "Ndamva, bambo. Koma chonde, moni wa m'mawa uja, tchanelo yachiwiri."

"Usadandaule," anatero.

M'mawa mwake ndinayatsa wailesi. A tcheya ali pa tchanelo yoyamba, akuthokoza onse amene anathandiza dzulo, mmodzimmodzi, ndi mabanja awo omwe. Maboti atatu anali asanabwereko.

Ndinasiya kulemba pagulupu. Masiku ano mwera ukayamba ndimabwereka njinga kusanache bwino, n'kuiimika pashedi itayang'ana njira ya kwa a tcheya. Nsapato ndimavuliratu.