Chimfine cha a Telala

A telala a nyumba yapakona amayetsemula tsiku lonse, maso ali psuu. Ukawafunsa amati, "Ndi fumbi la mayi a khomo linalo, amasesa mosaganizira anzawo." Chonsecho akudziwa kuti vuto ndi udzu wouma wa akalulu awo, umene amausunga kunsi kwa bedi.

Mayi aja atamva dandaulolo, anayamba kuwaza madzi asanasese. Tsiku lina anabweretsa mankhwala a chimfine, n'kupeza a telala atagwada, akuwola ndowe za akalulu, udzu uli mbwee mpaka papilo.

"Pepanitu ndi fumbi langa lija, bambo," anatero mayiwo, maso ali paudzupo.

M'mawa mwake a telala anamva madzi akuwazidwabe pabwalo. Anayetsemulira m'bulangete kuti asamveke.