Mchere wa m'zipewa za amalume

Ndikukumbukira chaka chimene chinkhoswe cha achemwali anga a Esinati chinatsala pang'ono kulephereka. Kwathu ku Chileka tinali ndi amalume awiri, a Namakhwa ndi a Mulepa, ana a munthu ndi mng'ono wake, obadwa dzinja limodzi. Onse odziwa amene anayamba kubadwa anali atatisiya kale, ndiye aliyense ankati wamkulu ndi iye, unkhoswe ndi wake. Akuchimuna ochokera ku Lirangwe anabwerera osadziwa wolankhula naye, natumiza mawu akuti akadzabwereranso chimodzimodzi, nkhani yathera pomwepo. Achemwali ankangolira kuseri kwa bafa.

A Namakhwa ankanyamula zikwama ku bwalo la ndege, choncho nzeru zonse zakunja zinkatera pa iwo. Mayi wina wasayansi, podikira katundu wake, anawauza kuti mchere wokhalitsa pansi pa nthaka umamwa mphamvu yotuluka m'miyala, ndipo ukausungunula m'madzi pamdima umatulutsa kuwala. Kuwala kukachuluka ndiye kuti mcherewo ndi wakalekale.

"Basi, mlandu watha!" anatero a Namakhwa. "Thukuta si mchere kodi? Bweretsa chipewa chako, Mulepa."

Zipewa zonse ziwiri zinali ndi mkombero woyera wa thukuta louma. Anazipala ndi lezala, aliyense m'mbale yake. Makina oyezera kuwala kunalibe, ndiye anati maso a mwana ndi akuthwa. Mwana wake ndinali ine. Masana dzuwa likuswa mtengo, anandifunditsa mabulangete atatu ndi chiguduli, nandipatsa mbale ziwirizo ndi kapu ya madzi.

Mayo ine, fungo lake! Ngati tonde wonyowa ndi mvula. Ndinathira madzi, n'kutong'ola maso mpaka misozi, koma mdima wokhawokha.

"Yanga yawala eti?" anafunsa a Mulepa.

"Ayi, amalume."

"Nanga yanga?" anatero a Namakhwa.

"Nayonso bii."

A Namakhwa sanalole kuti sayansi yawo ichite manyazi. "Ndiye kuti tonsefe tikadali anthete," anatero monyadira. A Mulepa anavomera, koyamba chibadwire.

Amayi, amene ankasankha nyemba pakhonde, sanadzutse n'komwe mutu. "Zikomo achimwene, mwanena nokha. Makanda sagwira unkhoswe." Tsiku lomwelo anatuma munthu ku Chigaru kukatenga amalume aang'ono a Lifa, okonza njinga, ndipo chinkhoswe chinachitika. Ine ndinanunkha chipewa sabata yonse.

Ndili ku sekondale ndinamva kuti mayi uja sananame, kungoti mchere wake ndi wa m'miyala, ndipo kuwalako n'kochepa moti kumaoneka ndi makina okha. Masiku ano mikangano yotere inatha, mwana akangobadwa amalembedwa. Akuluakulu awiriwa atapita kukajambulitsa zitupa za unzika, kalaliki anatopa nawo n'kuwalembera tsiku limodzi lobadwira. Achemwali ali ndi zidzukulu tsopano, koma a Namakhwa akuumirirabe kuti iwo anabadwa m'mawa.