Kadontho ka Kyutekisi

Pa fakitale yopanga ma TV ija palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse amangoti Mayi Kadontho. Ntchito yawo ndi kuyang'ana basi. TV ikafika kumapeto kwa lamba woyendetsa katundu, amaiyatsa m'kachipinda kopanda zenera, galasi lake n'kuliyeretsa mbee, kenako kulidetsa bii, kenako kulifiiritsa psuu, kufunafuna kadontho kakufa kochepa ngati dzira la nsabwe. Ikakhala kuti ilibe vuto, amadontheza kyutekisi wofiira, uja wopaka zikhadabo, mkati mwa chivindikiro chakumbuyo, anzawo n'kumanga masikulu. Achita zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Anayamba ntchitoyi kampaniyo idakali m'galaja, anthu anayi ndi fani imodzi yolira. Mwini wake, Bambo Waya, anali wokonza mawailesi wamtima wapachala, amene anatopa kumva anthu akuti chopangidwa kwathu kuno n'chongogwirizira. Analumbira kuti apanga TV yoti olemera azichita kuilimbirana. Za kyutekisi anayambitsa ndi iwowo. "Ikabwerera ndi vuto, ndidziwe woti ndimukalipire," ankatero. Koma pa ma TV onse amene mayiwa anadontheza, palibe ndi imodzi yomwe inabwererapo chifukwa cha galasi. Nyumba amakhala yalendi, mwamuna anawathawa kalekale, koma mbiri imeneyi inali yawoyawo.

Dzina la kampani linakula. Ma TV ake anayamba kupachikidwa m'mahotela ndi m'mabanki, ndipo munthu akagula ankasiya chikatoni pakhonde sabata yathunthu kuti oyandikana nawo adye mutu. Bambo Waya anagulitsa theka la kampani, kenako theka la chotsalacho, kenako matenda a shuga anawakhazika pakhomo. Eni ake a lero ndi nkhope zisanu ndi ziwiri zomwetulira m'mafelemu pamalo ofikira alendo, ndipo ndikukayika ngati pali mmodzi amene angasiyanitse sikulu ndi msomali. M'galaja muja mayiwa ankayang'ana ma TV asanu patsiku. Tsopano ndi mazana awiri, maso omwe aja.

Anatopa mayiwa, kutopa kosatha ndi tulo. Chaka chatha anayamba kuona ngati m'chipinda muli utsi. Ulusi pasingano anasiya kulowetsa okha. Basi ikamabwera ankafunsa woima pambali kuti ikupita kuti, akunamizira dzuwa. Sanauze munthu, ngakhale mwana wawo wamkazi amene amakhala naye, chifukwa manejala watsopano anali atayamba kale nyimbo yogula makina a kamera oyang'anira magalasi. Mayiwa anamuyankha pamsonkhano kuti makina akalakwitsa sachita manyazi, anthu n'kuseka, nkhani n'kuzizira. Koma ankadziwa kuti tsiku limene za maso awo zidzamveke, kachipinda kaja kadzakhala ka makina. Ankachita mantha, ndiye ankangoyandikitsa nkhope pagalasi mpaka mpweya wawo kulichititsa nthunzi.

TV yokwanitsa miliyoni imodzi itatuluka, kampani inachita mwambo. Kunali zolankhula zambirimbiri, ndipo ogwira ntchito akalekale anapatsidwa TV aliyense. Mayi Kadontho anali asanakhalepo ndi TV ya kampaniyo. Kwawo ankaonera chi TV chamsana chija, chofuna mbama kuti chilankhule.

Loweruka masana mkamwini wawo anaboola khoma n'kuipachika. Mwana wawo anatenga rimoti kuti asake filimu.

"Dikira kaye," anatero mayiwo. Anadina mabatani amene zala zawo zimawadziwa ngakhale mumdima, galasi n'kuyera mbee. Anayang'ana kuchokera pakona mpaka pakona. "Ilibe vuto. Onerani."

Mwana wawo anayang'anitsitsa galasilo. Kenako anadzuka, natenga kansalu, n'kupukuta chakumanzere m'munsi. Anapukutanso.

"Ukupukuta chiyani?"

"Ndimayesa ndi fumbi, amayi. Pali kadontho kakuda. Sikakuchoka."

"Iwe, usandiseweretse."

"Kalipodi amayi," anatero mkamwini, maso ali pansi. "Koma n'kakang'ono, munthu sangakaone."

"Ndiye inu mwakaona bwanji? Imeneyi sinadutse kwa ine. Mwina inatuluka sabata ija ndinali kumaliro. Itsitseni, mutsegule kumbuyo."

Mkamwini anazengereza, koma apongozi akalamula sutsutsa. Anamasula masikulu asanu ndi atatu. Mkati mwa chivindikiro munali kyutekisi wofiira, wowuma bwino, wopendekekera kumanja monga amadonthezera iwowo. Ameneyo mayiwo anamuona, poti ndi wamkulu ngati nyemba.

Anauza mkamwini aimangenso n'kuiyatsa. "Ika chala pomwe pali kadonthoko," anauza mwana wawo. Anawerama, nayang'anitsitsa kunsonga kwa chikhadabo mpaka misozi inalengeza. Ankangoona kuyera kokhakokha. Anakhala pampando, manja pamaondo, akuganiza za ma TV mazana awiri patsiku, chaka chathunthu, m'nyumba za anthu amene anagula chifukwa chokhulupirira dzina. Manyazi anawagwira, ndipo chodabwitsa n'chakuti mtima unapepukako pang'ono.

Lolemba m'mawa sanavale ovolosi. Analowa mu ofesi ya manejala n'kuika kabotolo ka kyutekisi patebulo.

"Itanitsani makina anu aja, bwana. Maso anga atha. Ndipo ma TV a chaka chino amene adakali mosungira katundu, wina awayang'anenso."

"Koma mayi, palibe kasitomala wadandaula."

"Adandaula. Ndine."

Manejalayo anayamba kufotokoza za dokotala wa maso amene kampani ingawapezere, za ntchito ina yopepuka yopinda makatoni. Iwo ankangogwedeza mutu, akumva phokoso la lamba kuseri kwa khoma. Lamba sanaime ngakhale mphindi imodzi.

Atabwerera kunyumba anapeza mwana wawo atatulutsa chikatoni cha TV ija, akupukuta fumbi.

"Tikaibweze, amayi. Ikadali yatsopano, akatipatsa ina."

Mayi Kadontho anavula nsapato pang'onopang'ono, n'kukhala moyang'anizana ndi TV ija.

"Isiye pakhomapo. Imeneyi ndinaivomereza ndekha."