A Madebe ndi Anthu a M'dontho

Mvula isanagwe, dzuwa limatuluka litapsa kale. Fumbi la mumsewu limawotcha kuphazi, agalu amagona pansi pa ngolo malilime ali panja, ndipo khomo lililonse limafuna madzi. Nyengo imeneyi inali ya a Madebe.

Dzinali analitengera ku ntchito yawo. Kuyambira unyamata ankatunga madzi pachitsime cha kumunsi kwa msika, n'kukwera nawo chitunda m'madebe awiri olendewera pa mtengo wa paphewa. Phewa lamanja linatsika kuposa lamanzere, moti telala, amene anali mlamu wawo, ankawasokera malaya opendekera dala. Ankadzaza mitsuko ya mzere wonse wa masitolo: kwa telala, kwa wometa, kwa mayi wa tiyi. Pokwera chitunda ankaitanira kuti, "Oyera, oyera!" ndipo ankanena zoona monga mmene maso awo ankaonera.

Zaka zimenezo, pafupifupi zana zapitazo, zinthu zinkasintha mwaphuma. Boma linasintha, chithunzi cha mu ofesi anachitsitsa n'kupachika china pamsomali womwewo, apolisi analandira zipewa zatsopano. Galimoto yoyamba itadutsa, abulu anathawira m'makhonde a anthu. Atsikana ankabwera kwa telala kuti awafupikitsire madiresi. A Madebe zonsezi sizinkawakhudza. "Boma lililonse limamva ludzu," ankatero.

Koma boma latsopanolo linatumiza mkulu wa zaumoyo, munthu wofatsa, amene anaitanitsa otunga madzi onse kuchipinda chake. Patebulo panali kachitsulo kokhala ndi galasi losuzumirapo ndi diso limodzi. Mkuluyo anatapa dontho m'debe la a Madebe, n'kuliika pansi pa galasilo.

"Suzumirani, bambo."

A Madebe anasuzumira, ndipo anatenga nthawi.

"Uyu ali ndi miyendo," anatero chapansipansi. "Uyo akuthamangitsa mnzake. Alowamo bwanji?"

"Amakhala momwemo. Ena mwa iwo ndi amene amatsegula anthu m'mimba."

"M'debe lonse angakhalemo angati?"

"Oposa anthu a m'tauni muno."

A Madebe anagwira msana. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikukweza tauni yonse pachitunda. N'chifukwa chake."

"Ingowiritsani madziwo, amafa onse."

"Akafa amapita kuti?"

"Amatsala momwemo, koma savutanso."

"Ndiye timwe mitembo, bwana?"

Mkuluyo anayamba kufotokoza, koma a Madebe anali atasenza kale madebe awo. Maganizo awo anali akuti alendowo atulutsidwe amoyo. Kunyumba anatenga nsalu yatsopano ya akazi awo, anaipinda n'kusefa madzi tsiku lonse, kuchoka debe ili kupita ilo.

"Bambo a ana, nsalu yanga yalakwa chiyani?" anafunsa akazi awo.

"Ndikutulutsa anthu, mayi."

"Akatuluka muwauze andichapire."

M'mawa mwake anapita nalo dontho losefalo kwa mkulu uja. Amiyendo aja anali momwemo, ndipo a Madebe anaona ngati anenepa.

Kuyambira pamenepo analeka kuitanira kuti "Oyera," chifukwa bodza sankalitha. Akafika pakhomo ankatsitsa madebe n'kunena kuti, "Madzi ndi awa, koma muli anthu." Wometa anawauza kuti asadzabwerenso. Makomo ena anatsekedwa asanafike n'komwe. Mzere wonse unayamba kugula kwa wotunga wina, amene kwa mkulu wa zaumoyo anasuzumira atatsinzina, ndipo madzi ake anali oyera mpaka pano. A Madebe anatsala ndi mayi wa tiyi yekha. Ngakhale mlamu wawo anavundikira mtsuko ndi mbale.

"Alamu," anatero telala, singano ili kukamwa, "mlongo wanga ndinakupatsani muli munthu wabwinobwino. Lero mukuyenda ndi khamu paphewa. Boma likadziwa likumangani kuti mukuchititsa msonkhano popanda chilolezo."

"Mukadawaona simukadaseka, alamu."

"Ine ndamwa madzi anu kuyambira kale. Ngati muli anthu, ndiye m'mimba mwangamu muli mfumu yawo. Tamwani kaye, milomo yang'ambika."

A Madebe anakana. Vuto lalikulu linali pamenepo: iwonso anali atasiya kumwa. Amoyo ankawaopa, akufa ankanyansidwa nawo. Ankangoyamwa ndimu n'kumakwera chitunda, madzi akukhavukira kumapazi. Kumwamba kunali mbee, popanda ndi kamtambo komwe. Tsiku lina masana, atafika pakhomo pa mayi wa tiyi, anatsitsa madebe mosamala, osataya ndi dontho, kenako iwo n'kugwa pakati pake.

Anatsitsimuka ali pabenchi, mutu uli pa thumba la shuga, kukhosi kukutsika chinthu chofunda. Mayi wa tiyi anali atagwira kapu, telala akuwapepeza ndi diresi la mwini wake.

"Mwandimwetsa chiyani, mayi?"

"Tiyi."

"Wa madzi ati?"

"Anu omwewa, achimwene. Ndimawawiritsa m'ketulo."

A Madebe anatseka maso. "Ndiye ndamwa maliro."

"Maliro amenewa mwakhala mukuwamwa m'mawa uliwonse chitsegulire ine pano, ndipo mumapempha shuga wowonjezera. Munadwalapo?"

A Madebe anaganiza. Anayang'ana m'kapu, anayang'ana mlamu wawo, kenako anatambasula dzanja kuti awathirirenso.

Madzulo ake anabwereka mgolo kwa wosula zitsulo, anauika pamafuwa kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuwiritsa. Nkhuni zinkatha ngati pali ukwati. M'mawa anakwera chitunda mosangalala, akuitanira ndi mawu onse kuti, "Akufa, akufa!" Amayi anakokera ana m'nyumba. Wapolisi wa chipewa chatsopano anawaimitsa n'kufunsa kuti wafa ndani ndipo mtembo uli kuti. A Madebe analoza m'debe.

Akazi awo ndi amene anakonza zinthu. "Bambo a ana, pakamwa panupa patidyetsa fumbi. Muzingoti 'owiritsa,' zinazo muzisunge mumtima." Anamvera. Anthu anadandaula kuti madziwo akununkha utsi, koma mvula itagwa, chitsime n'kuda, makomo anayamba kutseguka, lero ili, mawa ilo. Wometa anabwerera mwakachetechete, ngati sananenepo kanthu. A Madebe anagwira ntchitoyi mpaka mipope inafika mumzerewo, iwo imvi zili mbuu, ndipo mpope sanaukhulupirire mpaka imfa yawo, chifukwa sunkanena za m'kati mwake.

Womaliza kugonja anali telala. Ananena kuti avundukula mtsuko pokhapokha boma litatsimikiza kuti khamu lija labalalikadi. Choncho m'mawa wina wa mitambo, ngumbi zikuuluka, awiriwo anapita kwa mkulu wa zaumoyo ndi debe la madzi owiritsa. A Madebe anasuzumira. Palibe chimene chinkayenda. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Suzumirani nanu, alamu."

"Ayi, ine maso ndi a singano," anatero telala. "Ngati mwavula chipewa, ndakhulupirira."

Pobwerera kunayamba kuwaza. Telala anachotsa mbale ija pamtsuko. A Madebe anatsuka mtsukowo, anataya madzi otsukira panja, anapendeketsa debe n'kuthira pang'onopang'ono mpaka m'khosi, n'kuvundikira.