Tsiku limene ndinajambula nchima

Tinafika ku Mzuzu m'nyengo yozizira, amuna anga atawasamutsa kuntchito kwawo m'boma. Ku Lilongwe ndinkagwira ntchito yojambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe, moti Loweruka sindinkalidziwa kunyumba. Ku Msongwe, kumene tinapeza nyumba, ndinalibe chochita. Abambo akapita ku ofesi, mwana akapita kusukulu, ndinkakolopa mokolopa kale. Ndikatuluka panja, kuzizira kunkandibweza. Ndikalowa m'nyumba, mtima unkangoti tuluka. Kamera yanga yakale inali m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo sindinkafuna n'kuyiona komwe.

Oyandikana nawo nyumba anali mayi wina wa Chitumbuka, wogulitsa kaunjika mumsika. Amuna awo anali ndi galimoto yaikulu ya matayala okwera, imene ankatengera alendo ochokera kunja kukajambula mbalame ndi nyama m'nkhalango za kumunsi, kufupi ndi nyanja. Ikamatuluka pageti m'mawa, ndinkaisuzumira pawindo mpaka itakhota.

Tsiku lina mayiwo anandiitana pampanda.

"Mwatandala uli, amama? Ndili ndi pempho. Mayi amene amaphikira alendo athu apita kumaliro. Simungapite nawo adada, amuna angawa, mawa? Ntchito yake ndi yochepa chomene, tiyi ndi nkhomaliro basi."

Ndinavomera asanamalize n'kulankhula. Madzulo nditawauza amuna anga, anandifunsa kuti:

"Mwavomera kale, ndiye ine mukundifunsa chiyani?"

Tinanyamuka nkhungu ili tolo. Msewu wa ku Nkhata Bay umatsika mokhotakhota, ndipo tikutsika choncho makutu anga anatseka, kenako kunayamba kutentha mpaka ndinavula juzi. Alendo anali atatu: amuna awiri ndi gogo wina wamkazi wa imvi mbuu, woyenda ndi ndodo. Makamera awo anali ndi magalasi aatali ngati mkono wanga. Ndinkawaba ndi diso, manja akundiyabwa.

Tinasiya tala n'kulowa kamsewu kafumbi, mpaka tinaima m'mphepete mwa nkhalango yowirira, pafupi ndi kamtsinje. Adada aja anatiuza kuti tonse tikhale chete. Apa mpamene ndinavutika. Pa ukwati umauza anthu kuti sunthirani kuno, sekani, mkwatibwi kwezani mutu. Kuno kunalibe womuuza. Anthu akuluakulu anangokhala duu, maso ali m'mwamba, kudikira mbalame imene inkangomveka mawu. Ine ndinatsuka makapu oyera kale, ndinayala chakudya, ndinachivundikira, ndinachiyalanso.

Dzuwa litakwera, adada ananena kuti mbalameyo yasamukira kumtunda, ndipo pafunika kukwera chitunda. Gogo uja anayesa kuimirira koma bondo linakana. Anawauza anzake kuti apite, iye atsala ndi ine pagalimoto.

Tinakhala awiriwiri. Pa Chingerezi changa chapakatikati ndinamuuza kuti nanenso ndinali wojambula. Tili mkati mocheza, tsidya la kamtsinje nthambi zinayamba kugwedezeka ngati kukubwera mphepo, koma mphepo kunalibe. Zinali nchima, anyani akuda aja a michira yaitali okhala m'mitengo yowirira. Gogoyo anakweza kamera, koma masamba anamutchinga. Anayesa kusuntha, nkhope inachita tsinya ndi ululu. Kenako anavula lamba wa kamera m'khosi mwake n'kundiveka ine.

"Miyendo yanu ndi yabwino," anatero. "Pitani mukandionere."

Chinthucho chinali cholemera ngati mwana wakhanda. Ndinavula nsapato, ndinawoloka madzi ofika m'mawondo, n'kulowa pansi pa mitengo. M'menemo munali mdima wozizirira ndi fungo la masamba owola. Agulugufe abuluu anauluka pamatope pamene ndinaponda. Nchima zinali pamwamba panga penipeni, zikudya zipatso n'kumagwetsa makoko. Ndikaloza kamera uku, zadumphira uko. Ndinkangojambula michira.

Ndiye ndinaona imodzi itakhala payokha pamphanda ya mtengo, kamwana katakakamira pamimba pake. Inali itayang'ana kumbali. Ndinadziwa kuti ndikangosuntha ithawa, choncho ndinaima chilili, diso lili pagalasi, kudikira kuti itembenuke. Nthawi yomweyo ndinamva kuluma pachala cha phazi. Kenako pakatumba. Kenako kuseri kwa bondo. Ndinali nditaima pamzere wa linthumbu.

Aliyense amene linthumbu linamulowapo m'zovala akudziwa kuti munthu suganiza, umangovina. Koma ine, amene kunyumba sindinkatha kukhala pampando mpaka tiyi kuzizira, ndinaluma mlomo n'kuima nji. Misozi inkatsika. Nchima ija inatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana m'maso. Ndinadina. Ndinadinanso. Kenako ndinakuwa mayo, nchima zonse zinabalalika, ine liwiro la kumtsinje, kamera nditaikweza pamutu, dzanja linalo likumasula chitenje.

Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola pondiona nditakhala m'madzi ndikudzithothola linthumbu. Titayamba kuona zithunzi, zambiri zinali masamba ndi michira yosaoneka bwino. Koma chimodzi chinali nkhope ya nchima ija, maso ake ofiirira ali gwa, ndi timanja ta kamwana titagwira ubweya. Gogoyo analeka kuseka. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira dzanja.

Amuna aja anabwerera thukuta lili kamukamu, mbalame yawo osaiona. Adada ataona chithunzicho anapukusa mutu.

"Amama, ichi mwachitola makora, bwino chomene. Bwanji muziyenda nafe? Alendo amabwerera kwawo ndi zithunzi za mbalame zokhazokha, iwo eni osaonekapo. Inu muziwajambula iwowo."

Kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe. Amuna anga anati kamodzi kaja kanali kothandiza anansi, koma zoti ikhale ntchito ayi.

"Kutchalitchi anthu adzati chiyani? Mkazi wanga azingoyenda m'tchire ndi mwamuna wa mwini?"

"Nanga pano ndikuchita chiyani, abambo? Ndiziwerenga malata?"

Tinakhala masiku angapo tikulankhulana za mchere ndi sopo zokha. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, mayi oyandikana nawo aja anabwera n'kukhala pakhonde pathu osadikira kupatsidwa mpando.

"Adada," anawauza amuna anga, "mwamunayo ndi wanga. Wodandaula ndikanakhala ine. Akazi anuwa ndimawaona tsiku lililonse akuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Mukufuna adwale?"

Amuna anga anaseka mwamanyazi, n'kunena kuti aganizira. Sananene kuti inde, koma ulendo wotsatira utakwana anandifunsa okha ngati batire la kamera ndatchaja.

Chilimwe chimenecho ndinayenda maulendo angapo. Ndinaona nkhwazi ikutola nsomba m'mamawa, ndinaona ng'azi itadziwotcha pamwala, ndinaphunzira kuyang'ana pansi ndisanaime. Gogo uja anapita ndi chithunzi chija m'kamera yake. Analonjeza kutumiza, koma sichinafike, ndipo sindidziwa ngati ali moyo. Kamera yanga galasi lake ndi lalifupi, nchima zimatuluka ngati timadontho takuda m'masamba.

Sindinganene kuti mtima unakhazikika. Alendo sabwera mwezi uliwonse, ndipo mvula ikayamba timisewu ta m'nkhalango sitipitika. Miyezi imeneyo ndimavutika kuposa kale, chifukwa tsopano ndikudziwa kumene ndikufuna kukhala. Posachedwapa amuna anga anabwera ndi mphekesera yoti mwina awasamutsanso, ulendo uno kubwerera ku Lilongwe. Anandiuza akumwetulira, poganiza kuti ndilumpha ndi chimwemwe chifukwa abale anga onse ali kumeneko. Ndinangoti tiona, n'kupita kukhitchini kukatereka madzi amene panalibe wowafuna.