Nyanga ya Terere ya Maofesala

Eleuterio Cabañas sankamukhulupirira munthu womwetulira. Bambo ake, oyendetsa ngolo ku Villarrica, anamusiyira phunziro limodzi: bwana akakusisita paphewa, thamanga ukaone ngati ng'ombe zako zilipo.

Eleuterio analowa usilikali ngati wotsuka mainjini a ndege. Nkhondo ya ku Chaco itameza oyendetsa ndege, akuluakulu anayamba kutola aliyense wosachita chizungulire. Anamuphunzitsa mothamanga, n'kumupatsa usajeni ndi kandege kokalamba. Mumlengalenga mwini mawu anali iye, ngakhale kumbuyo kukhale kaputeni. Akatera ankapereka saluti n'kupita kuseri kwa shedi, kumene masajeni ankamwera terere wawo, tiyi wa madzi ozizira womwera m'nyanga ya ng'ombe. Maofesala anali ndi nyanga yawo pansi pa mtengo, ikuzungulira pakamwa ndi pakamwa pakati pa iwo okhaokha. Zimenezo sizinkamupweteka. Chomwe ankaopa n'kulandidwa ndege basi.

Nkhondo itatha, anyamata ochokera kusukulu ya maofesala anayamba kufika, nsapato zili waliwali, koma ndege sizinawonjezeke. Eleuterio anasiya kudya bwino. Mmodzi akangoyang'ana kandege kake, nkhani imeneyo inkafika kunyumba.

"Inu bambo a Nidia, mudzakayikira ndi chithunzithunzi chanu chomwe," ankatero mkazi wake Zunilda.

Masana ena Kaputeni Ovelar anamukodola ali pansi pa mtengo paja.

"Cabañas, tabwera kuno! Waima patali ngati mlendo bwanji?"

Anamupatsira nyanga, onse akumwetulira. Kukana terere n'kunyoza, ndiye anamwa. Madziwo anali ozizira, koma thukuta linali kamukamu. Chikomekome cha nkhuyu, anatero mumtima.

"Sajeni samwera pano," anatero kaputeni akumusisita paphewa. "Ndiye takukweza. Kuyambira mawa ndiwe lefutenanti."

"Nanga ndege, bwana?"

"Aa, maofesala ouluka ndi odutsa kusukulu, ukudziwa kale. Iwe uziyang'anira nyumba yosungira katundu. Tasekako, munthu iwe!"

Zunilda anapha nkhuku, oyandikana nawo anavina. Eleuterio anakhala pakhonde, nyenyezi yatsopano ili paphewa, mtima ukuwawa.

Sanaulukenso. Anakalamba anthu akumuchitira ulemu, ndipo ndege ikamadutsa ankalowa m'nyumba. Nidia atamufunsa chifukwa chake sanakadandaule, nkhalambayo inapukusa mutu.

"Akanandichotsa ntchito, mwana wanga, anthu akanandipepesa. Nanga wokwezedwa akalirire ndani?"